Injini ya boti ikagona ndi madzi m'nyengo yachisanu

Mwezi wa Malichi chaka cha 2018, patangopita masiku ochepa chisanu chija Angelezi anachitcha Beast from the East chitadutsa, bambo wina anakokera boti lake pamalo pomwe ndimagwira ntchito yokonza maboti kumpoto kwa England. Botilo linakhala pakhomo pake, pa ngolo, kuyambira Okutobala, litafunditsidwa lona watsopano. Dzulo lake anali ataliza injini pang'ono ndi madzi a m'paipi, ndipo inalira bwinobwino. Ankangofuna kuti timusinthire oyilo asanalitsitsire m'madzi pa Pasaka. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, kanatuluka ndi zinthu zotuwa ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Ndinaunika ndi tochi m'mbali mwa buloko (thupi lachitsulo la injini), kunsi kwa manifodi ya ekizozi (chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka m'masilinda), n'kuona kamzere ka dzimbiri kotalika ngati chala chamkombaphala, kakutsetsereka kuchokera pa mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Bambo uja anangoti kukamwa yasa, akumabwereza mawu amodzimodzi, akuti analifunditsa. Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa sanali munthu wotayirira. Kungoti palibe anamuuza kuti lona amatchinga mvula basi, ndipo malita angapo a madzi amene anagona m'mimba mwa injini ndi amene anaing'amba.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota. Kumeneko injini ya Yamaha ikabwerako ku usipa m'mawa, alovi amangoipendeketsa kapena kuinyamula paphewa kukaisunga m'nyumba, nkhani yatha. Ngakhale mwera uwombe chotani mu Juni ndi Julaye, nyanja yathu siundana, moti palibe mkulu aliyense pagombe amene anandiphunzitsapo kuopa madzi otsalira m'injini. Abale athu ambiri amene ali kuno, ena akugwira ntchito m'madoko a maboti, ena agula kaboti kophera nsomba, enanso akukhala m'maboti a m'ngalande pothawa lendi, anabwera ndi nzeru za kunyanja yofunda. Nzeruzo n'zabwino, koma pali phunziro limodzi limene mulibe.

Chimene chimachitika usiku umenewo

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. M'ndowa yotsegula palibe vuto, ayezi amangokwera m'mwamba. M'injini muli tinjira topapatiza, ndipo madzi amayamba kuundana kumapeto kwa tinjirato, kumene chitsulo chazizira msanga. Akatseka mbali zonse ziwiri, madzi otsala pakati amasowa kothawira, ndiye akamapitiriza kuundana amakankha chitsulo mpaka ching'aluke. Madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande amaundana pa 0°C, a m'nyanja yamchere pafupifupi pa -2°C. Kusiyana kwake n'kochepa, musamadalire mchere.

Usiku umodzi wa kachisanu kochepa kawirikawiri umaswa tizinthu ting'onoting'ono: chivundikiro cha sefa ya madzi, kapampu, kapaipi ka mkuwa. Buloko imasweka kukazizira usana ndi usiku kwa masiku angapo otsatizana. Boti limene lili pamtunda ndi limene lili pangozi yaikulu, popeza mphepo imalizungulira pansi ndi pamwamba, pamene lomwe likuyandama limafunditsidwa pang'ono ndi madzi a pansi pake. Koma loyandamalo lili ndi tsoka lakelake: sefa ikasweka valavu yolowetsa madzi ili yotsegula, ayezi amatseka bowolo kwa kanthawi, ndipo tsiku limene kwafunda boti limayamba kumwa madzi mwini wake ali kunyumba.

Palinso bodza lina lofala. M'mbali mwa buloko muli tizivundikiro tozungulira tachitsulo, tomwe ena amati tinaikidwa kuti tizifwamphuka madzi akaundana n'kupulumutsa injini. Timabowo timeneto ndi tochotsera mchenga pamene buloko ikuumbidwa kufakitale. Nthawi zina kachivundikiro kamatulukadi, koma ndaonapo mabuloko ong'aluka tizivundikiro tonse tili m'malo mwake. Mukapeza kamodzi kagwera pansi pa injini, dziwani kuti munalowa ayezi, ndipo buloko yonse ikufunika kuyezedwa.

Dziwani kaye mmene injini yanu imaziziritsidwira

Musanagwire sipanala, yankhani funso ili, chifukwa mankhwala ake amasiyana. Injini zina zimakoka madzi a m'nyanja n'kuwadutsitsa m'buloko mwenimweni, kenako n'kuwalavulira ku ekizozi. Zotere ndi injini zonse zopachika kumbuyo kwa boti, injini zambiri za petulo za MerCruiser ndi Volvo Penta za m'maboti othamanga, komanso tiinjini ta dizilo ngati Yanmar 1GM10. Izi ndi zimene chisanu chimapha msanga.

Zina zili ndi njira ziwiri. M'buloko mumazungulira madzi osakaniza ndi antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, ngati m'galimoto, koma m'malo mwa redieta muli heat exchanger, chitini chokhala ndi timapaipi tambirimbiri momwe mumadutsa madzi a m'nyanja. Eni ake ambiri amati poti muli antifreeze ndiye kuti zonse zili bwino, kuiwala kuti njira yachiwiri ija, kuyambira pa valavu, sefa, pampu, choziziritsa oyilo, timapaipi tija mpaka ku ekizozi, ndi madzi enieni opanda mankhwala.

Maboti ambiri a m'ngalande, okhala ndi injini ngati Beta Marine kapena BMC zakale, sakoka madzi akunja n'komwe. Ali ndi thanki yopyapyala yowotcherera kukhoma la boti, imene imazizira pokhudzana ndi madzi a m'ngalande. Apa vuto limabwera mwakachetechete: thankiyo imalowa madzi ambiri, ndipo munthu akamangowonjezera madzi a pampopi chaka ndi chaka, antifreeze amasukuluka mpaka kutsala dzina lokha.

Mwapotoza kiyi, injini ikungoti tche, kapena ikuzungulira mwaulesi

Chotsani dzanja pa kiyi. Ndikunena izi poyamba chifukwa zinthu zambiri zimene timakonza mu Januwale sizinaswedwe ndi chisanu chokha, zinamalizidwa ndi munthu wokakamira sitata.

Yambani ndi batire. Yezani ndi mita musanalumikize tchaja: lodzaza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V, la 12.2V latsala theka, ndipo lotsika kuposa 12V latheratu. Kuzizira kumafooketsa batire panthawi yomwe oyilo walimba ndipo injini ikufuna mphamvu zambiri. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti batire lodzaza siliundana mpaka kuzizire kupitirira -50°C, koma lakutha madzi ake amakhala atasanduka pafupifupi madzi wamba, ndipo likhoza kuundana cha pa -10°C. Likaoneka lotupa m'mbali kapena long'aluka, musalitchaje ndipo musalilumikize ku batire lina, likhoza kuphulika. Litulutseni lisungunuke pamalo ofunda, koma nthawi zambiri lotero limakhala lapita. Mabatire a lithium amene afala m'maboti ogonamo nawonso sayenera kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa 0°C, pokhapokha akhale ndi chotenthetsera chake.

Batire likakhala bwino koma injini ikukanabe kuzungulira, ikani sipanala pa nati ya pule yakutsogolo n'kuyesa kuizunguza ndi dzanja, mofatsa. Ikalimba gwa, pali zinthu ziwiri. Mwina pampu ya madzi yagwidwa ndi ayezi, ndipo sitata ikaikakamiza imathyola mapiko a impeller (kagudumu ka labala ka m'pampumo) kapena kudula lamba. Mwinanso m'silinda mwalowa madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni ikawagunda mwamphamvu chitsulo choigwira chimapindika. Masulani mapulagi kapena mainjekita, zunguzani ndi dzanja, muone ngati pabowo lina patuluke madzi.

Ikuzungulira bwino koma siyaka, kapena ikuyaka n'kuzima patapita mphindi zochepa

Pa injini ya dizilo, kaonani fyuluta yoyamba, ija yokhala ndi kabakuli koonekera kunsi. Ngati pansi pake pali chibulumwa choyera, ndi madzi amene aundana n'kutseka njira. Ngati dizilo yense akuoneka wa mbuu ngati madzi otsukira mpunga, kapena pa pepala la fyuluta pamatirira zinthu zonga mafuta odzola, ndi phula. Dizilo ali ndi phula mwachibadwa, ndipo kukazizira limayamba kuuma n'kutseka fyuluta. N'chifukwa chake injini imayaka ndi mafuta otsalira m'pampu, n'kulira pang'ono, kenako n'kuzima ngati yatsamwa.

Ku Britain dizilo wa pamsewu amagulitsidwa mitundu iwiri. Wa m'chilimwe amayenera kudutsa m'fyuluta mpaka -5°C, ndipo wa m'chisanu, kuyambira pa 16 Novembala mpaka pa 15 Malichi, mpaka -15°C. Galimoto imamwa mafuta sabata ndi sabata, ndiye imasintha yokha. Boti limene munalidzaza mu Ogasiti lidakali ndi dizilo wa m'chilimwe mu Januwale, ndipo pampu ya padoko imene sigulitsa kwambiri nyengo ino ikhoza kukhalanso ndi wakale yemweyo. Kuthetsa kwake n'kufunditsa fyuluta ndi mapaipi ake, kukhetsa madzi a m'kabakuli, kuika fyuluta yatsopano, kutulutsa mpweya m'njira ya mafuta, kenako kuwonjezera dizilo wa m'chisanu. Mankhwala oletsa phula amagwira ntchito mukawathira mafuta asanaume. Akauma kale, kutentha kokha ndi kumene kumawasungunula. Musathire petulo m'dizilo monga ankachitira madalaivala akale, injini za masiku ano zimawonongeka pampu.

Mafuta akakhala bwino, yezani ma glow plug, timapulagi totenthetsa m'silinda injini ya dizilo isanayake. Imodzi yokha ikafa, m'chilimwe simungadziwe, koma m'chisanu injini imangotulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Mankhwala opopera a ether aja othandizira kuyatsa injini musawayandikize pa injini yokhala ndi ma glow plug, amaphulika nthawi isanakwane n'kuswa maring'i.

Apa pali msampha umene ndikufuna muumvetse bwino. Nthawi yonse imene sitata ikuzunguza injini, pampu ikukoka madzi n'kuwathira m'paipi ya ekizozi. Chimene chimawakankhira kunja ndi utsi wa injini yoyaka. Injini ikakhala kuti siyaka, madziwo amangodzaza m'chigubu cha ekizozi, n'kukwera, mpaka kubwerera m'silinda kudzera m'mavalavu. Choncho mukayesa kawiri kapena katatu, kwa masekondi 10 ulendo uliwonse, osayaka, tsekani valavu yolowetsa madzi, ndipo mudzaitsegule msangamsanga injini ikangoyaka. Ngati mwazunguza kale nthawi yaitali, khetsani chigubu chija musanayesenso.

Pa injini ya petulo, mdani ndi madzi a m'mafuta. Petulo wa E10, amene anayamba kugulitsidwa ku England, Scotland ndi Wales mu Seputembala 2021, ali ndi ethanol amene amayamwa chinyezi. Akakhalitsa m'thanki, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pomwe paipi imakokera. Thirani pang'ono m'botolo loyera, mudikire mphindi zingapo. Mukaona mizere iwiri, mafuta onsewo achotsedwe, ndipo kabuleta ikhetsedwe. Onaninso kabowo kopumira thanki, chifukwa kakatsekeka ndi ayezi injini imalira pang'ono n'kuzima, ndipo mukatsegula chivundikiro mumamva mpweya ukulowa kuti psii.

Yayaka, koma ku ekizozi sikukutuluka madzi

Zimitsani. Musadikire kuti geji ikwere kapena alamu ilire. Pakatha masekondi 20 kapena 30 madzi osaoneka, ndipo ekizozi ikulira mouma, impeller ikupsa kale. Impeller ndi kagudumu ka labala ka mapiko kamene kamakoka madzi, ndipo madzi omwewo ndi amene amakafewetsa. Kumbuyo kwake paipi ya labala ya ekizozi ndi chigubu chapulasitiki zimayamba kusungunuka ndi utsi wotentha.

Tsatirani njira ya madzi kuyambira kumene amalowera. Valavu ndi yotsegula? Chogwirira chake chikalimba musachimenye ndi hamala, muli ayezi. Tsegulani sefa muone. Finyani mapaipi a labala limodzilimodzi: lokhala ndi ayezi limalimba ngati mtengo, nthawi zina limalira kuti khetye. Kenako masulani chivundikiro cha pampu, mutulutse impeller n'kuwerenga mapiko ake. Ngati ena akusowa, asakeni mpaka muwapeze onse. Amakonda kukakhala pakhomo pa heat exchanger kapena pa choziziritsa oyilo, ndipo mukawasiya, injini idzatentha mu Julaye muli pakati pa nyanja, inu mutaiwala kale za chisanu. Ine ndimayala tizidutswato pa nsalu n'kutilumikiza ngati mbale yosweka, kufikira nditakhutira kuti palibe katsala.

Kusungunula popanda kuwotcha boti

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini youndana imafuna maola, nthawi zina tsiku lathunthu. Tsekani kaye valavu ya madzi ngati ikutheka, kuti ngati pali chosweka boti lisamwe madzi. Ikani mabotolo a madzi ofunda kapena nsalu zoviikidwa m'madzi ofunda pa pampu, pa sefa ndi pa fyuluta. Madzi owira musathire pa chitsulo chozizira, akhoza kumaliza mng'alu umene unangoyamba. M'boti la dizilo mukhoza kuika hita yamagetsi m'chipinda cha injini inu muli pomwepo. M'boti la petulo ayi: mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhala pansi m'boti, ndipo kamoto kakang'ono ka pa switchi n'kokwanira kuliphulitsa.

Ndikudziwa maganizo amene amabwera kwa ife okulira pa mbaula. Chonde, abale anga, makala, sitovu ya parafini, moto wa gasi kapena jenereta zisalowe m'boti lotseka. Utsi wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka, umangogonetsa munthu tulo tosadzuka. Mu Epulo 2013 pa nyanja ya Windermere ku England, mayi ndi mwana wake wamkazi anamwalira ali m'tulo m'boti chifukwa cha utsi wa jenereta. Kuyambira mu Epulo 2019, Boat Safety Scheme, ndondomeko yoyendera chitetezo cha maboti a m'ngalande ndi m'mitsinje ku Britain, imafuna kuti maboti okhala ndi malo ogona akhale ndi alamu ya utsi umenewu. Yesani yanu ngati ikulira musanayambe ntchito iliyonse yotenthetsa.

Oyilo wasanduka mkaka, kapena madzi akupezeka pomwe sayenera

Zonse zikasungunuka, musathamangire kuyenda ulendo. Onani mlingo wa oyilo injini isanalire. Ukakhala kuti wakwera wokha, pansi pake pali madzi. Tizinthu toyera pang'ono pansi pa chivundikiro chothirira oyilo tikhoza kungokhala chinyezi cha injini imene imalira nthawi yochepa, koma oyilo yense akatuwa, madzi akulowa penapake. Onaninso oyilo wa giyabokosi, chifukwa choziziritsa chake chili ndi timapaipi topyapyala tosachedwa kuphulika. Pa injini ya njira ziwiri, antifreeze akamachepa popanda podontha, kapena akamasefukira pa chivundikiro, timapaipi ta heat exchanger tang'aluka ndipo madzi a mbali ziwirizo akusakanikirana.

Mng'alu wakunja umaoneka ndi kamzere ka dzimbiri kapena utoto wotukumuka. Pukutani pouma, lizani injini, yendetsani pepala loyera m'mbali mwa buloko ndi kunsi kwa manifodi, malo amene maso safika. Wamkati umapezeka poyeza ndi pampu ya mpweya: njira ya madzi imatsekedwa, n'kupopedwa, ndipo geji ikamatsika ndiye kuti pali potulukira. Musafulumire kuweruza buloko. Manifodi yong'aluka kapena choziziritsa oyilo chophulika zimabweretsa zizindikiro zomwezo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi injini. Chilichonse chimene mwapeza, oyilo wamadziyo asagonemo. Mukhetseni tsiku lomwelo, musinthe fyuluta, ndipo mukakonza chosweka musinthe oyilo kawiri kapena katatu mpaka ayere, apo ayi mabering'i achita dzimbiri.

Mng'alu wakunja wa pa buloko yachitsulo nthawi zina umasokedwa ndi akatswiri n'kukhala zaka. Zomatira za m'chubu zija ine sindizikhulupirira pa boti lopita kutali ndi gombe. Wamkati, wolowetsa madzi mu oyilo, nthawi zambiri mapeto ake ndi buloko ina. Kwa bambo wa lona uja zinatero, ndipo a inshulansi anamufunsa umboni woti injini inakhetsedwa madzi nyengo isanayambe. Werengani mapepala anu pa mfundo imeneyi.

Injini zopachika kumbuyo

Izi zinapangidwa kuti zizikhetsa zokha madzi, koma zikaima chilili. Chizolowezi chathu cha kunyanja chopendeketsa injini ndi chimene chimaziwononga kuno, chifukwa madzi amatsalira m'mwendo ndi m'kati mwa pulopela, mvula n'kuwonjezeramo. Mukatulutsa boti, tsitsani injini iime mowongoka mpaka kudontha kuleke. Boti likamagona m'madzi, mwendo ukhale m'madzi momwemo, ndi mofunda kuposa mumphepo. Kamkodzo kaja, timadzi tothovoka pambali pa injini tosonyeza kuti pampu ikukoka madzi, kakapanda kutuluka m'mawa, kawirikawiri ndi kabowo kake kamene kaundana. Zimitsani, pisanimo kachingwe ka mbedza, funditsani ndi madzi ofunda, ndipo kakakanabe musayende.

Chaka chilichonse chisanu chisanafike masulani sikuluwu yapansi ya oyilo wa giya. Madzi ndi olemera, ndiye ngati alimo amayamba ndiwo kutuluka, kapena oyilo amatuluka wotuwa. Amalowera pa silo ya shafiti ya pulopela, imene nthawi zambiri imadulidwa ndi chingwe cha mbedza chokulungika kuseri kwa pulopela. Madzi amenewo akaundana amang'amba chikwama chonse cha magiya.

Kuti chaka chamawa zisabwerenso

Ntchitoyi ichitike mu Okutobala, kapena kumayambiriro kwa Novembala mukachedwa. Musanyengedwe ndi zaka zofunda. Ku Braemar ku Scotland kunazizirapo mpaka -27.2°C mu Januwale 1982, ndipo chisanu cha 2018 chija chinafika kumapeto kwa Febuluwale, anthu ena atayamba kale kubwezera madzi m'maboti awo.

Lizani injini itenthe, musinthe oyilo ndi fyuluta, kuti isagone ndi oyilo wakale wokhala ndi asidi. Yezani mphamvu ya antifreeze wa m'buloko ndi kachipangizo koyezera, osati ndi maso. Theka antifreeze theka madzi zimateteza mpaka cha pa -36°C. Wosasakaniza amaundana msanga, cha pa -13°C, ndiye kuthira wambiri sikuwonjezera chitetezo. Sakanizani m'chigubu musanathire, makamaka pa maboti a m'ngalande, ndipo musaphatikize mitundu yosiyana.

Kenako njira ya madzi akunja. Tsekani valavu, chotsani paipi yake muiike m'ndowa ya antifreeze wa propylene glycol, lizani injini mpaka ku ekizozi kutuluke mtundu wake weniweni, osati wosukuluka, n'kuzimitsa ndowa isanaume. Wa m'galimoto, wa ethylene glycol, ndi poizoni: amatsekemera, agalu ndi amphaka amanyambita n'kufa, ndipo sayenera kutayikira m'ngalande. Musadalire mtundu pogula, chifukwa onse awiri amapezeka apinki. Werengani chigubu. Nambala yaikulu yolembedwa pa wa propylene nthawi zambiri imanena za pamene paipi ingaphulike, osati pamene amayamba kuundana, ndipo wogulitsidwa wosakaniza kale safuna kuwonjezera madzi.

Pa injini yodutsitsa madzi a m'nyanja m'buloko, ndowa yokha sikwanira, ndipo apa ndi pamene anthu osamala amagwera. Thermostat, kavalavu kamene kamatsegula njira ya madzi a m'buloko injini ikatentha, ikakhala yotseka, antifreeze amalambalala buloko n'kutulukira ku ekizozi. Inu mumaona pinki kumbuyo n'kusangalala, chikhalirecho m'buloko mudakali madzi okhaokha. Khetsani kaye. Masulani mapulagi onse okhetsera, a mbali zonse ziwiri za buloko ndi a manifodi, monga buku la injini yanu likusonyezera. Pabowo pakangodontha pang'ono kapena osatuluka kanthu, musaganize kuti mwauma. Pisanimo waya. Nthawi zambiri pamakhala chikhungwa cha dzimbiri ndi mchenga, ndipo mukachibowola madzi akuda amatuluka kuti phwaa mpaka m'mikono ya malaya. Chotsaninso mapaipi akuluakulu kumunsi kwake, makamaka la pa pampu yozunguza madzi. Mukatha, bwezerani zonse n'kuthira antifreeze kudzera pa nyumba ya thermostat mutaichotsa.

Hita yamagetsi ndi yothandizira chabe. Mu Febuluwale 2021 ku Texas ku America, dera limene anthu sazolowera chisanu, magetsi anazima m'nyumba mamiliyoni kwa masiku angapo panthawi yomwe kunazizira kwambiri. Padoko zimachitikanso mwa njira yaing'ono: mayunitsi amatha pa mita, kapena switchi imagwa usiku wa mphepo, ndipo palibe amakuimbirani foni.

Zotsala n'zachidule. Dzazani thanki ya dizilo kuti chinyezi chisapeze malo, khetsani fyuluta, tchajani mabatire mwezi ndi mwezi kapena muwatengere kunyumba. Khetsani chigubu cha ekizozi, thanki ya madzi otentha, pampu ya shawa ndi chimbudzi. Boti likakhala pamtunda, siyani mavalavu otsegula kuti akhe, ndipo muwatsegule ndi kuwatseka kangapo, chifukwa valavu ya mpira imabisa madzi m'mbali mwake. Likakhala m'madzi, onse otseka kupatula okhetsa mvula. Tulutsani impeller kuti mapiko ake asagone opindika miyezi isanu, muiike m'kathumba pamodzi ndi tisikuluwu ta chivundikiro chake. Kathumbako mukamangirire ku kiyi wa injini, pamodzi ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja lanu: valavu yatsekedwa, impeller yachotsedwa, mapulagi angati amasulidwa, ndi tsiku limene mwachita zimenezi.